Mafunso Anu: Khofi, Siteshoni ya Sitima Yapansi Panthaka ndi Lendi Yokwera

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za mashopu a khofi amene amaphuka pafupi ndi masiteshoni a sitima zapansi panthaka, komanso za kusintha kwa dera pamene anthu opeza bwino ayamba kulowa ndipo eni dera akale akulephera kulipira lendi. Akuyankha ndi odziwa za mapulani a mizinda pamodzi ndi odziwa bizinesi ya khofi.

Akonzi, m'mizinda ikuluikulu munthu akangotuluka pasiteshoni zina amapeza mashopu a khofi atandandalikana, ndipo okhala komweko amadandaula kuti lendi yakwera. Zinthu ziwirizi zimalumikizana bwanji?

Chimene anthu amalipira pafupi ndi siteshoni ndi nthawi. Munthu wamkulu amayenda mamita pafupifupi 80 pa mphindi imodzi, choncho nyumba imene ili mamita 400 kuchokera pakhomo la siteshoni ili pa mtunda wa mphindi 5, ndipo ya mamita 800 ili pa mphindi 10. Akatswiri a mapulani a mizinda amatenga mamita 800 ngati malire a mtunda umene anthu ambiri amalolera kuyenda pansi tsiku ndi tsiku kukakwera sitima. Mkati mwa mtunda umenewu malo ndi ochepa, sangachuluke, ndipo aliyense wogwira ntchito pakati pa mzinda amawafuna.

Koma siteshoni payokha sikwanira. Pamafunika dera limene nyumba zake zakalamba ndipo lendi yake idakali yotsika, kawirikawiri chifukwa mafakitale adatsekedwa kapena eni nyumba adasiya kuzisamalira. Katswiri wa za malo Neil Smith adafotokoza zimenezi mu 1979: pamakhala mpata pakati pa ndalama imene malo akubweretsa lero ndi imene angabweretse atakonzedwa n'kupatsidwa kwa anthu ena. Mpatawo ukakula, a ndalama amabwera. Siteshoni yatsopano imakulitsa mpatawo mwadzidzidzi, ndipo mitengo ya malo imayamba kukwera tsiku limene boma lalengeza pomwe siteshoni idzakhale, sitima yoyamba isanayende n'komwe. Dzina lachingerezi la kusinthaku, lakuti gentrification, adalipereka ndi katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Ruth Glass mu 1964, ataona nyumba za anthu ogwira ntchito zamanja m'madera a London monga Islington zikugulidwa ndi kukonzedwa ndi anthu opeza bwinoko mpaka dera lonse litasintha nkhope.

Oyamba kulowa sakhala olemera. Amakhala ophunzira, ojambula, oimba ndi achinyamata amene angoyamba ntchito, omwe akufuna chipinda chotchipa pafupi ndi njanji. Shopu ya khofi imawatsatira chifukwa ndi bizinesi yopepuka kuyamba poyerekeza ndi lesitilanti: imakwana m'kachipinda kakang'ono, sifuna khitchini yaikulu, ndipo makasitomala ake ndi anthu omwewo amene akuthamangira sitima m'mawa. Kenaka ogulitsa nyumba amayamba kutchula shopuyo potsatsa malonda awo, makampani omanga amagula midadada yathunthu, ndipo pomalizira pake mabanki ndi mashopu a makampani akuluakulu amatenga zipinda za pangodya. Nthawi zambiri shopu ya khofi yoyamba ija nayonso imalephera lendi yatsopano n'kutseka.

Williamsburg, ku Brooklyn mu New York, ndi chitsanzo chomveka bwino. Siteshoni ya Bedford Avenue ndi yoyamba munthu akawoloka mtsinje kuchokera ku Manhattan pa sitima ya L. Fakitale yaikulu ya shuga ya Domino idatsekedwa mu 2004, ndipo mu 2005 mzinda udasintha malamulo kuti m'mbali mwa mtsinje, momwe mudali mafakitale, mumangidwe nyumba zosanja zokhalamo. Mu 2016 kutalengezedwa kuti njira ya sitimayo yolowera ku Manhattan idzatsekedwa kwa nthawi yaitali kuti ikonzedwe, lendi m'deralo idayamba kutsika, mashopu a khofi ali pomwepo osasuntha. Ganizo lotseka njirayo litasinthidwa mu Januwale 2019, lendi idayambanso kukwera. Apa mutha kuona chimene chimakoka mtengo.

Ndiye kuti mashopu a khofi alibe mlandu? Ndimamva chisoni ndikamagula khofi wodula m'dera limene ndikudziwa kuti anthu akusamutsidwa. Ndisiye?

Simuli nokha amene mumawakayikira. Mu Seputembala 2015 anthu ochita zionetsero adathira penti pa shopu ina yogulitsa chakudya cham'mawa pa Brick Lane ku London, mumsewu wodziwika ndi anthu ochokera ku Bangladesh, m'dera limene muli umphawi waukulu. Mu 2017 ku Boyle Heights, mu Los Angeles, komwe sitima idafika mu 2009, anthu adaima ndi zikwangwani pakhomo la shopu ya khofi yatsopano pa Cesar Chavez Avenue kwa masiku ambiri. Mkwiyo wawo ndi womveka. Kampani yogula malo ilibe khomo loti munthu akaimepo, pomwe shopu ili ndi windo lalikulu ndi mitengo yolembedwa poonekera.

Kafukufuku amaonetsa kuti mashopuwa amayendera limodzi ndi kukwera kwa mitengo. Edward Glaeser, Hyunjin Kim ndi Michael Luca, pogwiritsa ntchito zolembedwa za pa Yelp, webusaiti imene anthu amalembapo ndemanga za mashopu, adapeza mu 2018 kuti kutsegulidwa kwa shopu yatsopano ya kampani ya khofi ya Starbucks m'dera kumatsagana ndi kukwera kwa mitengo ya nyumba ndi theka la peresenti imodzi. Iwo eni adachenjeza kuti izi sizitanthauza kuti khofi ndiye amakweza mitengo. Kampaniyo imangodziwa kusankha madera amene ayamba kale kukwera.

Ife maganizo athu ndi akuti mukasiya kugula, mwini nyumba sangatsitse lendi, angopereka chipindacho kwa wina. Komabe sitinganene kuti shopuyo ndi yoyera kotheratu. Imakhala ngati chikwangwani chouza ogula malo kuti nthawi yogula m'derali yakwana, ndipo ikhoza kupangitsa munthu wobadwira pomwepo kudzimva ngati mlendo. Pali mafunso amene amasiyanitsa shopu ina ndi inzake. Kodi idalowa m'chipinda chimene chidali chopanda kanthu, kapena wina adachotsedwa kuti iyo ilowe? Kodi ogwira ntchito ndi a m'deralo? Kodi pali chakumwa ngakhale chimodzi chimene woyendetsa basi kapena wosesa angagule tsiku lililonse? Kodi amalandira ndalama yapamanja, kapena khadi lokha, zomwe zimatsekera kunja anthu opanda akaunti ku banki? Ndipo ngati mukufuna kuti ndalama yanu ithandize, gulani buledi, ndiwo ndi misomali m'mashopu akale a mumsewu womwewo. Amene akufa mwakachetechete ndi amenewo.

Ndikufuna kuyenda mozungulira siteshoni imodzi n'kudzionera ndekha ngati dera likusintha, mwina kulembapo kanthu. Ndiyambire pati?

Yambani ndi mapu musanatuluke m'nyumba. Lembani makomo onse a siteshoniyo, chifukwa khomo lililonse limakhala ndi moyo wake: lina limatulukira kumsika, lina ku maofesi, ndipo mitengo mbali ziwirizo imatha kusiyana kwambiri. Jambulani mizere iwiri yozungulira, wina pa mamita 400, wina pa 800, koma muyeze potsata misewu imene munthu angayende, osati mzere wowongoka. Msewu waukulu wovuta kuwoloka, ngalande kapena mpanda wa njanji zimadula dera, ndipo kuseri kwake kusinthako kumachedwa zaka zambiri. Sankhani misewu itatu kapena inayi yokha. Mukafuna kumaliza dera lonse mudzangotopa n'kulemba zapamwambamwamba.

Mumsewu uliwonse lembani chitseko chilichonse cha pansi, chimodzichimodzi, osadumpha: golosale, butchala, ometa tsitsi, ochapa zovala, okonza mafoni, otumiza ndalama kunja, tchalitchi kapena mzikiti, hadiweya, shopu ya khofi, ogulitsa nyumba, chipinda chopanda kanthu. Pambali pake lembani ngati chikwangwani chikuoneka chakale kapena chatsopano, ndi chinenero chimene chalembedwa. Anthu ambiri amalakwitsa powerenga mashopu a khofi okha. Chimene chimanena zambiri ndi zimene zikusowa. Malo ochapira zovala akatsekedwa, ndiye kuti alendi opanda makina ochapira achepa. Otumiza ndalama kunja akachoka, ndiye kuti anthu obwera amene ankathandiza abale kwawo asamuka.

Zipinda zopanda kanthu zimanyenga, choncho muziyang'anitsitse. Mumsewu umene ukufa, chipinda chimakhala chopanda munthu chifukwa palibe wochifuna, ndipo magalasi amakhala osweka. Mumsewu umene ukukwera, mwini nyumba amachisiya dala chopanda munthu, chopentedwa bwino, akudikira wolipira zambiri. Mukaona zipinda zitatu kapena zinayi zoyandikana zitatsekedwa nthawi imodzi, kawirikawiri ndiye kuti munthu mmodzi wagula zonse ndipo akufuna kugwetsa.

Kenaka yang'anani m'mwamba. Mawindo atsopano ofanana m'nyumba yakale, makwerero a omanga, zinyalala za pulasitala panja, mabelu apakhomo opanda mayina a mabanja, timabokosi ta makiyi totsegula ndi manambala tomangidwa pa mpanda, zomwe zimasonyeza kuti mafulati akubwerekedwa kwa alendo a masiku ochepa: zonsezi zimafika msanga kuposa ziwerengero za boma. Werenganinso zidziwitso za khonsolo zomatidwa pa mitengo ya magetsi, chifukwa m'mizinda yambiri wofuna kumanga kapena kusintha ntchito ya nyumba amayenera kudziwitsa anthu.

Pitani maulendo atatu pa nthawi zosiyana: m'mawa wa tsiku la ntchito pakati pa 7 ndi 9 koloko, masana cha m'ma 2 koloko, ndi Loweruka. M'mawa onani ngati anthu ambiri akulowa m'siteshoni kapena akutuluka, kuti mudziwe ngati derali ndi logonako kapena logwirako ntchito. Loweruka onani ngati odzaza mashopu a khofi atsika sitima kapena atuluka m'nyumba zapafupi. Dera limene limadzaza ndi alendo a Loweruka okha lili pa siteji ina ndi limene okhalamo asintha kale.

M'shopu iliyonse lembani mtengo wa khofi wotchipa kwambiri, ndipo muuyerekeze ndi mtengo wa ulendo umodzi pa sitima ndi malipiro otsikitsitsa a ola limodzi mumzindawo. Kuyerekeza kotere kumagwira ntchito m'dziko lililonse. Kuti muone zakale, Google Street View imasunga zithunzi za zaka zam'mbuyo, m'mizinda ina kuyambira 2007, ndipo mutha kuwerenga zikwangwani za msewu womwewo chaka ndi chaka. Kalembera wa boma amakuuzani za ndalama zimene mabanja amapeza, maphunziro, ndi kuchuluka kwa alendi, ngakhale kuti amachedwa.

Pomaliza lankhulani ndi anthu, koma mwaulemu: gulani kanthu kaye, pewani nthawi imene makasitomala achuluka, ndipo musajambule munthu kapena mkati mwa shopu musanapemphe. Funso lothandiza kwa wamalonda si lakuti akuganiza bwanji za kusinthaku. Mufunseni kuti mgwirizano wake wa lendi utha liti ndiponso ngati mwini nyumba adakali yemwe uja. Kumbukiraninso kuti amene adasamutsidwa simudzawapeza mumsewumo. Ngati mukulemba, afunefuneni kudzera m'mabungwe a alendi, m'masukulu ndi m'nyumba zopemphereramo, komwe ambiri amabwererabe ngakhale akukhala kutali.

Funso langa ndi lalifupi. Pa mashopu ambirimbiriwa, wabwino ndimudziwa bwanji?

Yang'anani manja a wopangayo, osati mipando. Khofi azigayidwa nthawi yomweyo mwaitanitsa. Espresso wamba, khofi wamphamvu wofinyidwa ndi makina, amatenga magalamu pafupifupi 18 a khofi wogaya ndi kutulutsa magalamu 36 a chakumwa m'masekondi 25 mpaka 30, ndi madzi a madigiri 90 mpaka 96. Akatuluka m'masekondi 15 ndiye kuti wagayidwa mokhakhala ndipo amakhala wowawasa ndi wamadzimadzi. Akapitirira masekondi 40 amawawa ngati mankhwala. Mkaka uzitenthetsedwa kufika madigiri 60 mpaka 65. Ukapyola 70 umataya kutsekemera kwake n'kuyamba fungo lopsa. Kachitsulo kotenthetsera mkaka kazipukutidwa nthawi iliyonse, ndipo mkaka wotsala usamatenthetsedwenso. Pa paketi ya khofi fufuzani tsiku limene adakazingidwa. Wa masabata ochepa ndiye wabwino. Shopu yakale ya pangodya imene imachita zimenezi imaposa yatsopano yokongola imene sichita.

Ndasonkhanitsa kampamba ndipo ndapeza chipinda pafupi ndi khomo la siteshoni. Mwini wake akuti derali likukwera ndipo ndisachedwe. Ndisamale ndi chiyani?

Mawu akuti derali likukwera ndi abwino kwa iye, osati kwa inu, chifukwa kukwerako kudzathera m'thumba mwake kudzera m'lendi yanu. Yambani ndi masamu. Odziwa bizinesiyi amayesetsa kuti lendi ikhale pafupi ndi 10 peresenti ya zonse zimene agulitsa, ndipo ikapyola 15 zinthu zimavuta, chifukwa malipiro a antchito amadya pafupifupi gawo limodzi la magawo atatu, ndipo khofi, mkaka, makapu ndi zakudya zimadya chimodzimodzi kapena kucheperapo pang'ono. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka, m'ndalama ya dziko lililonse. Lendi ikakhala 3,000 pamwezi, muyenera kugulitsa 30,000, kutanthauza 1,000 patsiku mukamatsegula masiku onse. Ngati kasitomala mmodzi amasiya 5, mukufunika anthu 200 tsiku lililonse. Ngati mwa anthu 100 odutsa pakhomo amalowa awiri, ndiye kuti pakhomo panu payenera kudutsa anthu 10,000. Musakhulupirire chiwerengero cha onse okwera pasiteshoni. Imani pakhomo lenilenilo, muwerenge kwa mphindi 15 pa ola lililonse kuyambira m'mamawa mpaka madzulo, masiku angapo, kuphatikizapo tsiku lamvula.

Mbali ya msewu ndi yofunika kwambiri. Khofi amagulidwa m'mawa ndi anthu opita ku siteshoni, ndipo munthu wothamangira sitima sawoloka msewu kawiri chifukwa cha kapu imodzi. Chipinda cha mbali imene anthu amadutsa madzulo pobwerera chimayenera golosale kapena malo odyera. Liwiro nalo ndi ndalama: ngati sitima imabwera mphindi 4 zilizonse ndipo mzere wanu umatenga mphindi 6, anthu amangodutsa. Vuto lina ndi la okhala ndi kompyuta maola atatu pa kapu imodzi. Ganizirani msanga kuchuluka kwa mipando ndi masoketi amene mudzaike.

Musanasaine, itanani wa zamagetsi ndi wa mapaipi. Makina a espresso a mitu iwiri amafuna nthambo yakeyake ya magetsi amphamvu, ndipo nyumba zakale zambiri sizikwanitsa popanda kukoka nthambo zatsopano. Pamafunikanso paipi ya madzi, yotayira madzi, ndi sefa, chifukwa madzi a mchere wambiri amatseka boyila ya makinawo. Funsani ku khonsolo ngati chipindacho n'chololedwa kugulitsiramo zakudya, ngati pakufunika chimbudzi cha makasitomala, ndiponso ngati mipando ya panja imafuna chilolezo. Funsaninso oyendetsa sitima ngati pali ntchito yokonza imene ikubwera. Pomanga njanji ya Second Avenue ku New York, kuyambira 2007 mpaka kutsegulidwa kwake pa 1 Januwale 2017, amalonda ambiri adakhala zaka kuseri kwa mipanda ya omanga, ndipo ena sadafike tsiku lotsegulira.

Mtima wa nkhani yonse ndi mgwirizano wa lendi, ndipo apa loya ndi wofunika ngakhale ndalama zitachepa. Ngati mukuwononga ndalama zambiri kukonza chipinda, mgwirizano wa zaka ziwiri ndi msampha: mukamaliza kukopa makasitomala, mwini nyumba adzakuuzani mtengo watsopano, ndipo kauntala ndi mapaipi anu simungazinyamule. Pemphani zaka 5 zokhala ndi ufulu wowonjezera zina 5, ndipo njira yokwezera lendi ilembedwe m'manambala kapena imangidwe ku kukwera kwa mitengo ya zinthu, osati ku mawu akuti mtengo wa pamsika. Onetsetsani ngati muli ndime yolola mwini nyumba kuthetsa mgwirizano akafuna kugwetsa kapena kugulitsa, ndipo ngati ilimo, mudzapatsidwa miyezi ingati ndi chipukuta misozi chotani. Dziwani amene adzalipire msonkho wa malo, inshuwalansi ndi kukonza denga. Pemphani miyezi ingapo yosalipira pamene mukukonza chipindacho, ufulu wogulitsa bizinesi pamodzi ndi mgwirizano wake, ndi lonjezo lakuti sadzalowetsa shopu ina ya khofi m'nyumba yomweyo. Ngati akufuna kuti muike katundu wanu ngati chikole, chikolecho chikhale ndi malire, mwachitsanzo lendi ya miyezi 6.

Mayi anga akhala akugulitsa m'shopu yawo zaka zoposa 20. Chitsegulireni siteshoni, mwini nyumba watsopano akufuna lendi yowirikiza kawiri. Kodi lamulo lingawateteze?

Zimadalira dziko, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu. M'mayiko ambiri malamulo amateteza wochita lendi nyumba yogona kuposa wa shopu. Ku New York kuli mafulati pafupifupi miliyoni imodzi amene kukwera kwa lendi yake kumalamulidwa, koma malamulo otere a mashopu adatha mu 1963, kotero mgwirizano ukatha mwini nyumba amatchula mtengo uliwonse. Ku Germany lamulo la mu 2015 loletsa lendi yatsopano kupyola 10 peresenti pamwamba pa lendi ya dera limakhudza nyumba zogona zokha.

Kwina zinthu zili bwinoko. Ku England ndi Wales lamulo la mu 1954 limapatsa wamalonda ufulu wopitiriza mgwirizano, pokhapokha ngati adavomera polowa kuti ufuluwo uchotsedwe kapena mwini nyumba akufuna kugwetsa kapena kugwiritsa ntchito yekha. Lendi yatsopano imatsata msika, koma khoti likhoza kuigamula. Ku France mgwirizano wa shopu umakhala wa zaka zosachepera 9, ndipo mwini nyumba wokana kuupitiriza popanda chifukwa chovomerezeka amalipira chipukuta misozi. Ku South Korea, misewu ya mashopu a khofi monga Hongdae ndi Gyeongnidan-gil mu Seoul itaona amalonda oyamba akukankhidwa, boma mu 2018 lidatsitsa malire okwezera lendi kuchoka pa 9 kufika pa 5 peresenti, ndi kutalikitsa ufulu wopitiriza mgwirizano kuchoka pa zaka 5 kufika pa 10. San Francisco kuyambira 2015 ili ndi kaundula wa mabizinesi amene akhala zaka 30 kapena kupitirira, ndipo imathandiza eni nyumba amene awapatsa mgwirizano wautali.

Kwa mayi anu, choyamba apeze mgwirizano wolembedwa ndi malisiti onse. Kawirikawiri wogula nyumba amaigula pamodzi ndi mgwirizano umene ulipo, ndipo sangasinthe lendi nthawi yake isanakwane. Asasaine pepala lililonse latsopano, ngakhale lotchedwa longosintha dzina la mwini nyumba, loya asanaliwerenge, ndipo asasiye kulipira lendi yakale, chifukwa ngongole ndi njira yachidule yowachotsera. Zonse zokambirana zikhale zolembedwa. Afufuze zimene mashopu oyandikana akulipira pa mita iliyonse, ndipo ngati mwini nyumbayo ali ndi alendi ena, akambirane naye pamodzi. Chipinda chopanda munthu chimamutayitsanso ndalama, choncho kukweza pang'onopang'ono kwa zaka zitatu kapena zinayi ndi pempho limene ena amavomera. Nthawi yomweyo ayambe kuyang'ana m'misewu ya kuseri, mamita 300 kapena 400 kuchoka pamsewu waukulu, komwe lendi imatsika koma makasitomala akale akhoza kufikabe pansi.

Ngati zili choncho, si bwino kuti madera osauka azikana siteshoni?

Ena amati walira mvula walira matope, koma pano matopewo amachita kupangidwa ndi malamulo a malo. Osauka ndi amene amafunikira sitima kwambiri, popeza alibe galimoto ndipo ntchito zili kutali. Akatswiri amatsutsananso pa kuchuluka kwa anthu amene amachotsedwa mwachindunji: Lance Freeman ndi Frank Braconi adapeza mu 2004 kuti mabanja osauka a m'madera amene ankakwera ku New York sankasamuka kwambiri kuposa a m'madera ena, mwa zina chifukwa cha malamulo a lendi. Koma Peter Marcuse adali atasonyeza kale m'zaka za m'ma 1980 kuti pali kusamutsa kwina kosaoneka: banja losauka likachoka mwa kufuna kwake, lina losauka silingalowenso m'malo mwake, ndipo mwana wokulira pomwepo sangapeze chipinda pafupi ndi makolo ake.

Chimene chimagwira ntchito kwambiri ndi kugula malo msanga, njira ya sitima isanalengezedwe kapena itangolengezedwa. Denver idakhazikitsa thumba la ndalama mu 2010 logulira malo pafupi ndi masiteshoni kuti padzakhale nyumba zotchipa. Vienna ili ndi mafulati a khonsolo pafupifupi 220,000 omwazikana mumzinda wonse, kotero sitima ikafika m'dera, alendi a m'nyumbazo sakhudzidwa ndi msika. Paris mu 2004 idayamba kugula zipinda za malonda kudzera mu kampani yake imene inkatchedwa Semaest n'kumazibwereketsa kwa amalonda ang'onoang'ono a m'dera. Berlin ili ndi madera otetezedwa momwe mwini nyumba amafunika chilolezo kuti akonze nyumba mwapamwamba kapena kuigawa kukhala mafulati ogulitsa, ngakhale kuti mu 2021 makhoti adagwetsa lamulo la mzindawo loika malire pa lendi ndi kuchepetsanso mphamvu yake yogula nyumba patsogolo pa ena.

Njira ina ndi yakuti boma litengeko phindu limene siteshoni yabweretsa. London idaika msonkho wapadera pa mabizinesi akuluakulu kuyambira 2010 kuti uthandize kulipira njanji ya Elizabeth, yomwe idatsegulidwa mu Meyi 2022. Ku Hong Kong kampani ya sitima ya MTR imapatsidwa ufulu womanga pamwamba ndi pafupi ndi masiteshoni, ndipo phindulo limalipirira njanji. Koma Hong Kong ndi umodzi mwa mizinda imene nyumba ndi zodula kwambiri padziko lonse, zomwe zikusonyeza kuti kutolera ndalamayo n'kosiyana ndi kuigwiritsa ntchito posunga anthu m'dera lawo.

Kwa okhala m'dera limene siteshoni ikubwera, nthawi yolankhula ndi pamene khonsolo ikusintha malamulo a zimene zingamangidwe, chifukwa ndi pomwe omanga amafuna chilolezo ndipo angathe kupatsidwa zoyenera kukwaniritsa. Pamisonkhano imeneyo funsani manambala: nyumba zotchipa zidzakhala zingati, zotchipa kwa munthu wolandira ndalama zingati pamwezi, kwa zaka zingati, ndipo ndani adzaonetsetse. Nyumba yotchedwa yotchipa poyerekeza ndi malipiro a mzinda wonse ikhoza kukhala yosatheka kwa anthu a m'deralo, ndipo lonjezo la zaka 15 limatha ana asanamalize sukulu. Funsaninso za zipinda za pansi: ngati pulani ili ndi zipinda zikuluzikulu zokha, wometa tsitsi ndi wosoka nsapato sadzakwanitsa ngakhale chimodzi, choncho pemphani kuti mulembedwe tizipinda ting'onoting'ono ndi ufulu wa amalonda akale wobwerera ntchito yomanga ikatha.